Agogo akalephera kuchotsa 7 pa 100

Ku Hai, boma lomwe lili m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, ofufuza anayenda m'midzi isanu ndi umodzi kufuna kudziwa kuti mwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo ndi angati ali ndi dementia, matenda aja odya ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kusokera pa khomo pake pomwe. Anafikira anthu 1,198. Zotsatira zinatuluka mu 2013, koma zinatuluka ziwiri. Atatsata malamulo a buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-IV, anapeza odwala 6.4 pa anthu 100 alionse. Atatsata njira ya gulu la ofufuza za dementia lotchedwa 10/66, anapeza 21.6. Midzi yomweyo, agogo omwewo.

Palibe ananama apa, ndipo palibe analakwitsa samu. Malamulo a DSM-IV amafuna umboni woti kuiwalako kwafika posokoneza ntchito ndi moyo wa munthu wa tsiku ndi tsiku. Kumudzi, komwe nkhalamba imaphikiridwa, kutungiridwa madzi ndi kuperekezedwa kutchalitchi ndi adzukulu, vuto limabisala nthawi yaitali, ndiye njira imeneyi imasiya ena kunja. Njira ya 10/66 imadalira kwambiri malikisi omwe munthu wapeza pa mayeso a ubongo pamodzi ndi zomwe wachibale wanena, ndipo mayeso otere amagwetsa anthu ambiri omwe sanapondeko m'kalasi. Choona chenicheni chili penapake pakati pa nambala ziwirizi, koma mpata wake ndi waukulu moti nduna ya zaumoyo singadziwe kuti ikonzekere odwala angati.

Ine ndinagwirapo ntchito ya ofunsa mafunso m'makafukufuku a m'midzi, aja oyenda ndi tabuleti ndi chikwama kumsana, kenako ndinakhala pa kompyuta kukonza zomwe anzanga abweretsa. N'chifukwa chake ndikamva pa wailesi kuti "kafukufuku wasonyeza kuti anthu okwana mwakuti pa 100 alionse", mtima wanga suthamangira nambalayo. Umathamangira pa mkeka pomwe funso linafunsidwa.

Mayeso otchuka kwambiri pa dziko lonse oyezera ubongo wa okalamba ndi MMSE, omwe Marshal Folstein ndi anzake anatulutsa mu 1975 ku America. Ali ndi malikisi 30, ndipo kawirikawiri wopeza osakwana 24 amamukayikira. Amafunsa chaka, mwezi, deti ndi tsiku. Amakuuza mawu atatu oti uwakumbukire. Amakuuza kuti uyambe pa 100, uzichotsa 7, kenako 7 winanso, mpaka kasanu. Amakupatsa pepala kuti uwerenge ndi kuchita zomwe zalembedwapo, ulembe chiganizo chako, ukopere chithunzi cha tizinthu tiwiri ta makona asanu tolowana. Kwa mphunzitsi wopuma pantchito mumzinda wa Baltimore ku America, zimenezi ndi masewera, ndipo akazilephera ndiye kuti china chake chavutadi.

Tsono tengani mafunso a mtundu umenewu mupite nawo pa khonde la mayi wa zaka za m'ma 70 yemwe anakula akulima ndi kusinja. Ndikukumbukira agogo ena omwe tinawapeza akutongola chimanga. Nditafika pa funso la samu, anasiya chitsononkho, kundiyang'ana.

"Iwe mwanawe, sukuluyo ndinapita liti ine?"

"Ingoyesani agogo, palibe kulephera apa."

"Ngati palibe kulephera, ukulembanji?"

Malikisi a gawo limenelo anali ziro. Cholembera anachigwira ngati mpeni wosendera mbatata, ndipo chithunzi sichinatuluke. Deti sanaidziwe, ngakhale anadziwa kuti mawa lake ndi tsiku la msika. Koma tisanachoke panabwera mtsikana kudzagula tomato, ndipo agogo aja anamubwezera chenje osaphonya, n'kumukumbutsanso kuti amayi ake ali ndi ngongole ya sabata yatha, kutchula ndi ndalama yake yomwe. Pa tabuleti panga panalibe malo olembapo zimenezo.

Mayeso oterewa akabwera osasinthidwa amakhala ngati sikelo ya mavenda ena ogula soya: imalemba nambala yooneka bwino, ya madesimolo, koma inapendekeka kale thumba lisanakwerepo. Imayeza sukulu yomwe munthu anaphunzira, maso ake, makutu ake, mantha ake pa mlendo wovala bwino, kenako n'kulemba zonsezo ngati matenda a ubongo.

Kuipa kwa kupendekeka kotere kumaoneka bwino mukachita kasamu kakang'ono. Tingoyerekeza: m'dera muli okalamba 1,000, ndipo 60 mwa iwo alidi ndi dementia. Mayeso athu amagwira odwala 9 mwa 10 alionse, zomwe ndi zabwino ndithu, koma amagwetsanso anthu abwinobwino 2 mwa 10 alionse. Odwala omwe tiwagwire ndi 54. Abwinobwino omwe tiwagwetse ndi 188. Ndiye pa anthu 242 omwe tabuleti yawaika chizindikiro chofiira, oposa atatu mwa anayi alionse alibe matendawa. Wofufuza waulesi akangolengeza 242 ija, wachulukitsa matenda kanayi. N'chifukwa chake kafukufuku wabwino amachitika pawiri: poyamba mafunso achidule kwa aliyense, kenako dokotala kapena namwino wophunzitsidwa amakhala pansi ndi omwe agwa, komanso ndi ena mwa omwe akhoza, kuti tidziwe kuti mayesowo akuphonya angati. Gawo lachiwirili ndi lodula, ndipo ndalama zikachepa ndi lomwe limayamba kudulidwa.

Anzathu ena mu Africa muno vutoli analiona kalekale. Ku Ibadan, ku Nigeria, kuyambira 1992 madokotala monga Benjamin Osuntokun ndi Adesola Ogunniyi anagwira ntchito limodzi ndi Hugh Hendrie wa ku Indianapolis, kuyerekeza okalamba a Chiyoruba ndi anthu akuda a ku America. Anagwiritsa ntchito mafunso otchedwa CSI-D, omwe anakonzedwa dala kuti asamadalire kuwerenga ndi kulemba, ndipo amafunsanso wachibale wokhala ndi nkhalambayo. Komwekonso ku Ibadan kunachokera nzeru yochotsa cholembera n'kuikapo timitengo ta machesi: wofunsa amayala timitengo tinayi mwa mtundu wina wake, nkhalamba n'kuyala chimodzimodzi. Ubongo ukugwira ntchito yomwe ija ya kuona ndi kukopera, koma dzanja likugwira chinthu chomwe limachidziwa.

A ku Hai aja nawonso sanangokhala ndi nambala zawo ziwiri. Anakonza mayeso achidule otchedwa IDEA. Amafunsa kuti mlatho n'chiyani, kuti mtsogoleri wa mudzi ndani, kuti lero ndi lachingati. Amapempha munthu kutchula nyama zonse zomwe angathe pa mphindi imodzi, kukumbukira mawu 10 omwe anauzidwa poyamba, ndi kuyala machesi. Ndimawakonda mayeso amenewa chifukwa ndi aulemu. Komabe ngakhale iwowa sangangotsika basi pa Songwe n'kuyamba ntchito. Kwathu kuno mayi wachikulire ukamufunsa dzina la amfumu akhoza kungoti "si a Nyakwawa omwewa", kapena kukhala chete chifukwa amfumuwo ndi apongozi ake ndipo dzina lawo satchula. Wofunsa wachinyamata wochokera m'tauni alemba kuti waiwala.

Ndiye pali anthu ozungulira. Buku la malangizo limati funsani nkhalamba payokha. Kumudzi "payokha" kulibe. Adzukulu amakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumanong'oneza mayankho. Mpongozi ukamufunsa ngati apongozi ake amaiwalaiwala, amayang'ana pansi n'kuti "ayi, ali bwinobwino", chifukwa kunena zina pamaso pa mlendo n'kuvula munthu wamkulu. Mwana wawo wamkazi amati "ndi ukalamba basi". Ndipo pali ena omwe akaona tabuleti amaganiza za Mtukula Pakhomo kapena feteleza wotsika mtengo, ndiye matenda onse amakula tsiku limenelo. Zonsezi zimakalowa mu kompyuta ngati 0 ndi 1, zoyera bwino.

Zaka nazo ndi nkhani ina. Chinthu chachikulu kuposa zonse chomwe chimakweza chiopsezo cha dementia ndi msinkhu: munthu akadutsa zaka 65, chiopsezo chimawirikiza kawiri pafupifupi zaka zisanu zilizonse. Kulakwitsa zaka za munthu ndi zisanu zokha ndiye kuti mwamuika m'gulu lina. Koma ambiri mwa agogo athu anabadwira pakhomo, popanda pepala. Mukajambula zaka zomwe anthu anena pa kalembera, mumaona timapiri pa 60, 65, 70, 75, ndi zigwa pakati pake, ngati kuti azimayi akale ankabereka pakapita zaka zisanu zokha. Akatswiri a chiwerengero cha anthu ali ndi muyezo wake wa bodza losalakwali, wotchedwa Whipple: 100 ndiye kuti palibe kukondera, 500 ndiye kuti aliyense wanena zaka zothera ndi 0 kapena 5. Chiphaso cha unzika chomwe anthu analembetsa mu 2017 chinathandiza, koma pa ziphaso zambiri za okalamba chaka cholembedwapo ndi chomwe munthu anangoganizira tsiku lolembetsalo, kungoti tsopano chili pa pulasitiki.

Chomwe chimagwira ntchito ndi mbiri. "Pa njala ya 1949 munali wamkulu bwanji, agogo? Munali kumbuyo kapena munkayenda? Pomwe Kamuzu ankafika mu 1958 munali mutatha msinkhu? Pa ufulu mu 1964 munali ndi ana angati?" Apa nkhalamba zomwe zinali zitatopa ndi mafunso zimadzuka, ndipo vuto limakhala kuziletsa. Koma taonani msampha wake: tikudalira chikumbumtima cha munthu kuti tipeze zaka zake, pomwe chomwe tabwera kudzayeza ndi chikumbumtima chomwecho.

Tinene kuti zonsezi tazikonza, mayeso ali bwino, zaka zili bwino. Patsala vuto lomwe limapusitsa ngakhale maprofesa, ndipo ndi la anthu omwe sitinawapeze chifukwa anamwalira kale.

Cha m'ma 1990 kunatuluka makafukufuku angapo oonetsa ngati osuta fodya sadwala kwambiri matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu wofala kwambiri wa dementia. Ofufuza ankatenga odwala ndi osadwala, n'kufunsa kuti ndani ankasuta, ndipo osuta ankachepa pakati pa odwala. Ena anayamba kale kufotokoza mmene chikonga chimatetezera ubongo. Koma osuta fodya ambiri amafa ndi mtima, mapapo kapena khansa asanafike zaka zomwe dementia imagwira. Omwe afika zaka 80 akusutabe ndi anthu olimba mwapadera. Ku Rotterdam, ku Netherlands, atatenga anthu omwe analibe matendawa n'kuwatsatira zaka zingapo, zotsatira za 1998 zinaonetsa kuti osuta anali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri. Kujambula anthu tsiku limodzi ndi kuwatsatira pa zaka ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zikhoza kupereka mayankho otsutsana.

Phunziro limeneli limandipangitsa kuwerenga mosamala ngakhale zotsatira za ku Ibadan, zomwe anthu amakonda kuzitchula monyadira. Mu 1995 anapeza dementia mwa anthu 2.29 pa 100 ku Ibadan, pomwe ku Indianapolis anali 8.24. Atawatsatira, mu 2001 anapezanso kuti odwala atsopano pa chaka anali ochepa ku Ibadan, 1.35 pa 100 poyerekeza ndi 3.24, ndiye kusiyanako sikunali kwa imfa kokha ayi. Mwina ndi zakudya, mwina ndi mitsempha ya magazi yosatsekeka ndi mafuta. Komabe kumalo komwe munthu wosokonezeka mutu amafa msanga ndi chibayo, kugwa kapena kusowa womudyetsa, chiwerengero cha odwala omwe mungawapeze amoyo chimakhala chotsika nthawi zonse. Nambala yotsika si uthenga wabwino nthawi zonse. Nthawi zina imangotanthauza kuti odwalawo sakhalitsa.

Msampha wina ndi wa chomwe chinayamba. Dementia imayamba kugwira ntchito mu ubongo zaka 10 kapena 20 munthu asanadziwike kuti akudwala. Kafukufuku wa Whitehall II, yemwe wakhala akutsatira ogwira ntchito m'boma oposa 10,000 ku London kuyambira 1985, anaonetsa mu 2017 kuti anthu omwe anadzapezeka ndi dementia anayamba kuchepetsa zolimbitsa thupi zaka pafupifupi 9 matendawa asanadziwike. Ukawayang'ana pa zaka zomalizazo ukhoza kunena kuti kukhala pansi kunawadwalitsa, pomwe ndi matenda omwe anawakhazika pansi. Chimodzimodzi ndi kuonda, chimodzimodzi ndi kusiya kupita kumaliro ndi kumisonkhano ya mpingo. Kodi agogo anadwala chifukwa chodzipatula, kapena anadzipatula chifukwa mayina a anzawo anayamba kuwathawa ndipo ankachita manyazi? Kafukufuku wa zaka zitatu sangayankhe.

N'chifukwa chake nambala yotchuka ya bungwe la akatswiri la magazini ya Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, ndimailandira ndi manja awiri koma osatseka maso. Mu 2024 anati pafupifupi 45 pa 100 ya dementia ikukhudzana ndi zinthu 14 zomwe zingathe kusinthidwa, monga kusaphunzira, kusamva, kusaona bwino, BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu, kukhala wekhawekha ndi mpweya woipa. Mu 2017 zinthuzo zinali 9 ndipo nambala inali 35, mu 2020 zinali 12 ndipo nambala inali 40. Samu yake imaganiza kuti chilichonse mwa zinthuzi chimayambitsadi matendawa, komanso kuti chikhoza kuchotsedwa chonse pa dziko, zomwe sizingachitike. Ndipo makafukufuku ambiri omwe samuyi yaimapo anachitika m'maiko olemera. Dzina la gulu la 10/66 lija, lomwe linayamba mu 1998, linali dandaulo lomweli: kafukufuku wosakwana 10 pa 100 ndiye ankachitika komwe kumakhala 66 pa 100 ya odwala. Lero bungwe la WHO likuti odwala apitirira 55 miliyoni, oposa 60 pa 100 ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Mayi yemwe wapuma utsi wa nkhuni m'khitchini zaka 60, kapena bambo yemwe wamwa ma ARV zaka 20, m'masamu amenewa saonekamo bwino.

Njira yodula mkangano wa chomwe chinayamba ndi kuyesa mwa maere: ena alandire thandizo, ena apitirize monga mwa masiku onse, ndipo asankhe ndi maere osati dokotala. Kafukufuku wotere yemwe anandigwira mtima anachitika m'midzi 326 ya ku China, pa anthu pafupifupi 34,000 a BP yokwera. M'theka la midziyo, azaumoyo a m'mudzi omwe si madokotala anaphunzitsidwa kupereka mankhwala a BP ndi kutsatira anthu mosalekeza. Patatha zaka zinayi, dementia inachepa ndi 15 pa 100 poyerekeza ndi midzi inayo. Zinatuluka mu 2025. Si mankhwala odula a m'mitsempha, si makina ojambula ubongo. Ndi ntchito ya mtundu womwe alangizi a zaumoyo athu angathe, atapatsidwa makina oyezera BP okhala ndi mabatire ndi mankhwala osatha pakati pa mwezi.

Wina akhoza kufunsa kuti dziko lathu la Malawi, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu 17.5 miliyoni, theka lawo osafika zaka 18, livutikirenji kuwerenga nkhalamba zoiwala. Yankho langa ndi la ku Neno. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa kumeneko atanenedwa kuti ndi mfiti, mphenzi itapha mtsikana. Sindikunena kuti anthu amenewo ankadwala dementia. Ndikunena kuti m'dziko momwe nkhalamba ikhoza kuphedwa chifukwa cha mphenzi, ganizirani za gogo yemwe wapezeka mbandakucha pa khomo la eni ali wosavala, osadziwa kuti wafika bwanji, ndipo akafunsidwa ngati amatamba akuvomera chifukwa sakumva funso. Kusokera usiku, kuvula, kulankhula ndi anthu omwe anamwalira kale, zonsezi zili m'mabuku a madokotala ngati zizindikiro za matenda. Kwathu zili m'nkhani za pa bwalo la amfumu. Popanda nambala yodalirika, matendawa alibe mzere mu bajeti, alibe tsamba m'maphunziro a alangizi, ndipo kufotokoza kokhako komwe kumatsala m'mudzi ndi kwa ufiti.

Sikuti tikuyambira pa ziro. Kafukufuku wa MLSFH, yemwe amayendetsedwa ndi yunivesite ya Pennsylvania pamodzi ndi ofufuza a kuno, wakhala akutsatira mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, ndipo kuyambira 2012 anayamba kuyang'ana mwapadera anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo, kuphatikizapo kuyeza ubongo wawo ndi mafunso okonzedwera anthu osapita patali ndi sukulu. Ku South Africa, ku Agincourt, kafukufuku wa HAALSI anayamba ndi anthu 5,059 a zaka 40 kupita m'tsogolo. Ubwino wa kubwerera kwa munthu yemweyo ndi woti simukumuyerekezanso ndi mphunzitsi wa ku Baltimore. Mukumuyerekeza ndi mmene iye mwini analili zaka zisanu zapitazo. Agogo omwe sankatha kuchotsa 7 pa 100 kale ndi kale, kulephera kwawo lero sikutiuza kanthu. Koma ngati ankatchula nyama 15 pa mphindi ndipo lero akutchula zinayi, pamenepo pali nkhani.

Kuleza mtima kotere kumalipira mochedwa. Ku England anayeza okalamba ku Cambridgeshire, Newcastle ndi Nottingham pakati pa 1989 ndi 1994, n'kudzabwerezanso m'madera omwewo, ndi njira yomweyo, pakati pa 2008 ndi 2011. Zikanakhala kuti palibe chasintha, akanapeza odwala 8.3 pa 100. Anapeza 6.5. Mbadwo wachiwiriwu unakhala nthawi yaitali kusukulu ndipo mitima ndi mitsempha yawo inasamalidwa bwino, ndipo ofufuza akuganiza kuti zimenezi zinathandiza. Akanasintha mafunso pakati pa ulendo, palibe akanadziwa ngati matenda atsikadi kapena ndi mayeso omwe asintha.

Ifenso tili ndi funso lathu la mtundu umenewu lomwe likutidikira. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ambiri anaphunzirira pansi pa mtengo, ena anasiyira sitandade 4, koma analowa. Mwana yemwe anayamba sitandade 1 chaka chimenecho ali ndi zaka 6 adzakwanitsa zaka 65 mu 2053. Ngati sukulu imatetezadi ubongo, zidzaonekera pa iyeyo pomuyerekeza ndi amayi ake, ndipo amayi akewo oti ayezedwe ndi omwe ali m'midzi mwathumu panopa.